Galimoto yokana kulira ikatentha: iyezeni isanazizire

M'mawa mukangopotokola kiyi, injini imalira nthawi yomweyo. Mumayenda bwinobwino kuchokera ku Mufakose mpaka m'tauni, n'kuima pasitolo mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Pobwerera, sitata ikungozungulira koma injini osalira. Mwadikira theka la ola, mwina ola lathunthu, kenako yalira ngati palibe chimene chinachitika. Mawa lake mwaipititsa kugalaja itazizira kale, amakaniko aiyesa, yalira. Apa mwina akuuzani kuti ilibe vuto, mwinanso ayamba kukugulitsani zipangizo mongoganizira: lero mapulagi, mlungu wamawa pampu, kenako koilo. Ndalama zimatha chonchi matenda akadali pomwepo, ndipo zimandipweteka mtima ndikamaona galimoto yabwino ikugulitsidwa motchipa chifukwa cha kachipangizo kochepa ngati chala.

Ndikulembera makamaka inu amene mukusamala magalimoto othamanga akalekale muno mu Harare: Toyota Altezza, Subaru Impreza WRX, Nissan Skyline ndi 350Z, BMW E36, E46 ndi Z3, Mercedes-Benz SLK, ngakhalenso ochepa aja amene akusunga Porsche 944. Ambiri mwa magalimotowa adutsa zaka 20, ena 30. Kuchokera mu 2021, pamene boma linaika malamulo oletsa kuitanitsa magalimoto opitirira zaka khumi, kupeza ina yofanana nayo sikophwekanso, choncho imene muli nayoyo ndi yofunika kuidziwa bwino.

Mfundo yaikulu ndi imodzi: vuto limeneli limaoneka pokhapokha galimoto ikatentha ndipo yakana. Ikazizira, chilichonse chimene mungayeze chidzaoneka chabwino. Mphindi zimene mumakhala mukudandaula pambali pa msewu ndi zomwezo zimene muyenera kugwira ntchito.

Chimene chimachitika mukazimitsa injini

Injini ikamalira, pampu ya madzi imazunguza madzi, fani imakoka mphepo, ndipo petulo wozizira amabwera kuchokera kuthanki. Mukazimitsa, pa magalimoto ambiri zonsezi zimaima pamodzi, koma chitsulo cha injini ndi ekisozi zimakhala zikadali moto. Kutenthako kumasowa kolowera, ndiye kumalowa m'zinthu zoyandikana nazo: masensa, makoilo, sitata, mapaipi a petulo. N'chifukwa chake pansi pa boneti pamatentha kwambiri patapita mphindi khumi kapena makumi awiri mutazimitsa, kusiyana ndi pamene mumathamanga pamsewu wa Seke. Magalimoto othamanga amavutika koposa chifukwa injini yake ndi yaikulu koma malo ake ndi othina, ndipo ena ali ndi turbo yowonjezera moto.

Kuno kwathu pali zinanso ziwiri. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi zamadzimadzi zimawira msanga. Madzi enieniwo amawira pa madigiri pafupifupi 95, osafika 100. Chachiwiri, kuyambira 2013 petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, nthawi zina mpaka kufika E20, kutanthauza kuti 20 peresenti ndi ethanol. Petulo wotere sachedwa kusanduka nthunzi m'paipi yotentha ngati puresha yathawa, ndipo mapaipi a rabara akale sanapangidwire ethanol wochuluka chonchi. Mukaonjezerapo dzuwa la Okutobala, galimoto imene inali kubisa matenda m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi imaulula zonse.

Konzekani galimoto isanakane

M'galimoto muzikhala multimeter (mita yoyezera magetsi), pulagi imodzi yabwino yapadera kapena kachipangizo koyezera moto wa mapulagi, sikuludiraiva yaitali, masipanala ochepa, tochi, magulovu, botolo la madzi ozizira, ndi chozimitsira moto. Chomalizachi musachisiye, chifukwa muzigwira petulo pafupi ndi chitsulo chotentha.

Tsiku lina injini ili yozizira, pezani pamene pali sensa ya crankshaft, imene ambiri timangoti sensa ya kiranki (kachipangizo kouza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira), ndipo mutsatire waya wake mpaka pa soketi. Musadikire kudzaifunafuna manja akupsa. Pa Subaru ya injini ya EJ ili kutsogolo, pamwamba pa pule ya kiranki, kunsi kwa alternator. Pa Mercedes ya V6 ili kumbuyo, pamene injini imakumana ndi giyabokosi. Pa BMW ya injini ya M50 ili kutsogolo pafupi ndi pule, koma pa M54 inabisala pansi pa manifodi, kufupi ndi sitata. Pa 350Z muyenera kulowa kunsi. Porsche 944 ili ndi masensa awiri oyandikana pamwamba pa nyumba ya flywheel. Skyline ya injini ya RB ndi yosiyana ndi onsewa: sensa yake ili pamwamba, kutsogolo kwa camshaft ya ku ekisozi, ndipo imawerenga ndi kuwala, osati maginito. Mukaipeza yanuyo, iyezeni ili yozizira monga ndifotokozere kutsogoloku, n'kulemba nambala zake papepala. Nambala za kozizirazi ndi zimene mudzayerekeze nazo tsiku la vuto.

Ngati simukufuna kuti ikukanireni pakati pa msewu wa Samora Machel, iputeni dala kunyumba. Yendani nayo mpaka fani italira, bwererani, zimitsani, boneti ikhale yotseka, dikirani mphindi khumi ndi zisanu, ndiye yesani kuliza.

Choyamba, mverani sitata

Yakana. Musanatsegule boneti, potokolani kiyi n'kumvetsera. Ngati sitata ikungoti tha, kapena ikuzungulira molemera ngati batire latha, pomwe m'mawa imazungulira mwamphamvu, nkhani ya sensa isiyeni kaye. Sitata yotentha imafuna magetsi ambiri, ndipo waya wadzimbiri amalephera kuipatsa. Batire labwino limaonetsa mavolti 12.6 likupuma ndipo lisatsike kupyola 9.6 pamene sitata ikuzungulira. Kenako ikani waya mmodzi wa multimeter pa negative ya batire, wina pachitsulo cha injini, mnzanu apotokole kiyi. Mukaona zopitirira theka la volti, waya wa earth wa pakati pa injini ndi thupi la galimoto watha kapena wachita dzimbiri. Chitani chimodzimodzi kuchokera pa positive mpaka pa bawuti yaikulu ya sitata. Kupala ndi kumanga bwino malo amenewa kumachiza magalimoto ambiri popanda kugula kanthu.

Ngati ikuzungulira mwamphamvu, pitirirani. Koma musaizunguze kupitirira masekondi khumi nthawi imodzi. Ipumitseni pang'ono, kuopa kuiwotcha ndi kumaliza batire.

Chachiwiri, maso pa dashibodi, khutu kuthanki

Ikani kiyi pa ON osaliza. Nyali ya check engine iyenera kuyaka. Ikapanda kuyaka pomwe masiku onse imayaka, kompyuta ya injini sikulandira magetsi, ndipo wokayikiridwa woyamba ndi relay yaikulu, kaswitchi kamene kamapereka magetsi ku kompyutayo. Matendawa ndi odziwika kwambiri pa Honda za m'ma 1990, monga Civic, Prelude ndi Integra, pamene relay imakhala pansi pa dashibodi ndipo malo ake owotcherera m'kati amachita timing'alu timene timatseguka m'galimoto mukatentha. DME relay ya Porsche 944 imafanso mofananamo. Ikakana, gogodani relayyo ndi chala kwinaku mnzanu akupotokola kiyi. Ikalira, mwamugwira mwini matenda. Munthu wokonza mawailesi akhoza kuiwotchereranso. Onaninso nyali ya kiyi: ikamaphethira mosalekeza, ndi immobiliser, chipangizo choteteza galimoto kwa akuba, imene yakana kiyi wanu, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Pa magalimoto ambiri, mukaika ON mumamva pampu ya petulo ikulira kumbuyo masekondi awiri kenako n'kusiya. Imasiya chifukwa kompyuta imayembekezera uthenga wochokera ku sensa ya kiranki woti injini ikuzungulira. Dziwani khalidwe la galimoto yanu ili bwino, chifukwa Toyota zina zakale siziliza pampu mpaka sitata itayamba kuzungulira, ndipo munthu wosadziwa amagula pampu yatsopano pachabe.

Tsopano potokolani kiyi maso ali pa geji ya RPM, yoonetsa kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi. Sitata imazunguza injini pa liwiro la 150 mpaka 250 pa mphindi, ndipo pa magalimoto ambiri muvi umanjenjemera pang'ono. Ngati m'mawa umanjenjemera koma pano wagona pa ziro, chala chayamba kuloza ku sensa ya kiranki. Umenewu ndi umboni woyambira chabe, chifukwa magalimoto ena muvi wake sugwedezeka ngakhale zonse zili bwino.

Chachitatu, moto ndi petulo: chasowa n'chiyani?

Tsegulani boneti, koma dziwani kuti kuyambira pano injini yayamba kuzizira, ndiye fulumirani. Chenjerani ndi fani, chifukwa pa magalimoto ena imadzuka yokha ngakhale kiyi mwachotsa. Chotsani waya wa pulagi imodzi, kapena koilo imodzi ngati silinda iliyonse ili ndi koilo yake, lowetsanimo pulagi yapadera ija, ndipo chitsulo chake chikhudze injini bwinobwino. Musaigwire ndi dzanja. Mnzanu apotokole kiyi. Moto wabwino umaoneka wabuluu ndipo umathetheka motsatizana. Kenako ikani nsonga ya sikuludiraiva pa injekita imodzi, chigwiriro chake pakhutu, mumve ngati ikuti tike tike pamene sitata ikuzungulira.

Mayankho awiriwa ndi amene akulondolereni njira. Moto ukakhalapo ndipo mainjekita akugunda, vuto lili ku petulo. Moto ukasowa koma mainjekita akugunda, kompyuta ikuona kuti injini ikuzungulira, ndiye kayikirani koilo kapena igniter (kachipangizo kolamulira koilo), zimene nazonso zimafa zikatentha n'kudzuka zikazizira. Zonse ziwiri zikasowa pamodzi, nyali ya check engine ikuyaka bwino, apa ndi pamene sensa ya kiranki iyenera kufunsidwa mafunso. Eni ake a Toyota kumbukirani chinthu chimodzi: kompyuta yake ikapanda kulandira uthenga wa IGF wotsimikizira kuti moto waperekedwa, imadula mainjekita dala. Choncho igniter yakufa pa Toyota imatha kuoneka ngati sensa yakufa, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi nambala ya vuto imene yasungidwa m'kompyuta.

Sensa ya kiranki

Pa kiranki kapena pa flywheel pamakhala gudumu la mano. Makina a Bosch ambiri amagwiritsa ntchito gudumu la malo a mano 60 koma awiri anachotsedwa. Toyota imakonda la 36 lochotsedwanso awiri. Sensa imawerenga mano akamadutsa, ndipo mpata wa mano osowawo ndi umene umauza kompyuta pamene pisitoni yafika. Popanda uthengawu kompyuta sidziwa nthawi yoperekera moto kapena petulo, ndiye imangokhala chete. Magalimoto ena atsopanoko amatha kudalira sensa ya camshaft, n'kulira pambuyo pozunguza nthawi yaitali, nyali ya check engine ili chiyakire.

Masensawa alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kayezedwe kake n'kosiyana.

Mtundu wakale uli ndi maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi. Umapanga wokha magetsi mano akamadutsa. Nthawi zambiri umakhala ndi mawaya awiri. Ukakhala ndi wachitatu, amakhala wotchinga phokoso la magetsi ena. Zaka zikamapita, kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumadula kawayako m'kati. Kukazizira nsonga zodukazo zimakhudzana ndipo sensa imagwira ntchito. Kukatentha pulasitiki imafufuma, nsongazo n'kulekana. Chinsinsi chonse cha galimoto yodzichiza yokha pakatha ola chagona pamenepa.

Chotsani soketi, ikani multimeter pa ma ohm, yezani pakati pa mawaya awiri a uthenga. Nambala yoyenera imasiyana malinga ndi galimoto, kuyambira mazana angapo mpaka kupitirira 2,000, choncho pepala lija munalemba ili yozizira ndi lofunika. Musadabwe mukapeza kuti yakwera: mkuwa ukatentha umakaniza magetsi mowonjezereka pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, moti sensa yoonetsa 800 pa madigiri 20 ikhoza kuonetsa pafupifupi 1,020 pa madigiri 90 ili yabwinobwino. Mabuku a Toyota amapereka nambala ziwiri, ya kozizira ndi ya kotentha, pa chifukwa chomwechi. Chimene mukufuna kuona ndi mita yoonetsa OL, kutanthauza kuti njira yaduka, kapena nambala zodumphadumpha, kapena zotsika kufupi ndi ziro. Yezaninso pakati pa waya aliyense ndi chitsulo cha injini, pasakhale kulumikizana. Pomaliza sinthirani mita pa mavolti a AC, mnzanu azunguze sitata. Sensa yamoyo imatulutsa pafupifupi theka la volti kapena kuposerapo. Ikatulutsa pang'ono kwambiri ma ohm ali bwino, ndiye kuti yatalikirana ndi mano kapena nsonga yake yadzaza tizitsulo.

Mtundu wachiwiri ndi wa Hall, wa mawaya atatu: wa magetsi, wa earth ndi wa uthenga. Uli ndi tizipangizo ta magetsi m'kati, ndipo kuuyeza ma ohm sikukuuzani kanthu. Soketi isachoke, lowetsani tisingano kumbuyo kwake, kiyi ali pa ON. Waya wa magetsi aonetse mavolti 5 kapena 12 malinga ndi galimoto, ndipo earth ikhale yolimba. Waya wa uthenga amasinthasintha pakati pa ziro ndi mavolti apamwamba mano akamadutsa. Ngati mita yanu ili ndi malo olembedwa Hz, igwiritseni ntchito: pa gudumu la mano 60, nambala ya Hz imayandikana ndi RPM, ndiye sitata ikamazunguza muyenera kuona pafupifupi 200. Magetsi ndi earth zikakhalapo koma uthenga uli zii, sensa yafa. Magetsi akasowa, sensa ilibe mlandu. Tsatirani waya kubwerera ku fyuzi, relay kapena kompyuta. Ena amakonda kuzunguza injini pang'onopang'ono ndi sipanala kuti aone mavolti akusintha. Njirayi ndi yabwino, koma chotsani kaye fyuzi ya pampu ndi masoketi a makoilo, chifukwa injini ikagwira moto sipanala ili m'manja, dzanja limathyoka.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndimakukonda chifukwa sikufuna mita. Galimoto yakana, thirani madzi ozizira pang'onopang'ono pathupi la sensa yokha, kapena ikulungeni ndi kansalu konyowa kwa mphindi ziwiri. Madziwo asagwere pa ekisozi, pa turbo kapena m'soketi, chifukwa chitsulo chotentha chimang'ambika ndipo soketi yonyowa imabweretsa matenda ena. Mukaziziritsa sensa yokhayo injini yonse ikadali yotentha, galimoto n'kulira, umboni wake ndi wamphamvu kuposa wa makina aliwonse. Bwerezani tsiku lina kuti mutsimikize kuti sizinangochitika mwangozi.

Mukhozanso kuyesa mobwerera, sensa mutaichotsa. Lumikizani mita pa ma ohm, ndipo muitenthetse ndi choumitsira tsitsi. Magetsi a ZESA akathima, wiritsani madzi pambaula n'kumiza nsonga ya sensa, soketi ili kunja. Yang'anani nambala ikukwera pang'onopang'ono. Ikangodumphira pa OL, mwaona ndi maso anu. Izi ndi za mtundu wa maginito wokha. Ikapirira madzi owira musafulumire kunena kuti ilibe mlandu, chifukwa pafupi ndi ekisozi pamatentha kuposa madigiri 95 a madzi athu.

Ndisanachoke pa sensa, ndikupempheni kuti muyang'anitsitse waya wake. Pa galimoto ya zaka 25, chikopa cha waya chimauma n'kumathetheka mukachipinda, oilo wodontha amalowa m'soketi, ndipo timano ta m'soketi timamasuka. Injini ikulira payokha, gwedezani wayayo pang'ono m'litali mwake monse, manja ali kutali ndi malamba. Ikatsokomola kapena kuzima, vuto lili m'waya, ndipo sensa yatsopano sidzathandiza.

Za makina owerengera

Kachipangizo ka ELM327, kolumikiza kompyuta ya galimoto ku foni, n'kothandiza ngati galimoto yanu ikulankhula nako. Chofunika si nambala za mavuto zokha ayi; tsegulani pamene pamaoneka RPM ndipo muzunguze sitata galimoto itakana. RPM ikakhala pa ziro, kompyuta sikuona kiranki. P0335 ndi P0336 ndi za sensa ya kiranki, P0340 ndi ya camshaft. Koma kusowa kwa nambala sikutanthauza kuti sensa ili bwino, chifukwa makompyuta ena akale akapanda kulandira uthenga amangoona ngati injini siinazungulire n'komwe.

Magalimoto ambiri opangidwira msika wa ku Japan m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000 sagwirizana ndi tizipangizo totchipati ngakhale soketi yake ikufanana. Pa Toyota zakale, lumikizani TE1 ndi E1 m'kabokosi ka DIAGNOSIS ndi kawaya, ikani kiyi pa ON, n'kuwerenga kuphethira kwa nyali ya check engine. 12 ndi 13 zikunena za uthenga wa kuzungulira kwa injini, 14 ndi ya IGF ija, 22 ndi ya sensa ya kutentha kwa madzi. Musachotse batire musanawerenge, mungafufute umboni.

Ngati moto ulipo

Apa pali njira ziwiri: petulo wasowa kapena wachuluka. Yesani chonchi. Ikani ON, dikirani pampu isiye kulira, zimitsani, bwerezani katatu, kenako lizani. Ikalira msanga, ndiye kuti puresha imathawa mukazimitsa, ndipo petulo wotsala m'paipi yotentha amasanduka nthunzi. Injini zambiri za m'badwo umenewu zimagwira pa mabar pafupifupi 3, za BMW zina pa 3.5, ndipo mukazimitsa puresha imayenera kutsika pang'ono chabe m'mphindi makumi awiri. Geji ya puresha ikaonetsa kuti yagwa msanga, othawitsa ndi atatu: vavu ya m'pampu yoletsa petulo kubwerera, regulator (yolamulira puresha), kapena injekita yodontha. Zulani kapaipi kakang'ono ka mpweya kopita pa regulator. Mukapezamo petulo, regulator yang'ambika m'kati. Pa magalimoto a K-Jetronic (njira yakale ya Bosch yoperekera petulo), monga Golf GTI yoyamba, Porsche 911 SC ndi Mercedes SL za m'ma 1980, pali kachitini kotchedwa accumulator pafupi ndi pampu kamene ntchito yake ndi kusunga puresha yomweyi, ndipo kakatha galimoto imavuta ikatentha basi.

Petulo akachuluka, mumamva fungo lake, mapulagi amatuluka onyowa, ndipo ikalira imatulutsa utsi wakuda. Pondani pedulo ya mafuta mpaka pansi pozunguza sitata. Makompyuta ambiri akaona zimenezi amachepetsa kapena kudula petulo. Ikalira mwa njira imeneyi, ganizirani za injekita yodontha kapena sensa ya kutentha kwa madzi imene ikunamiza kompyuta kuti injini ndi yozizira. Masensa ambiri otere amaonetsa ma ohm pafupifupi 2,500 pa madigiri 20 ndi pafupifupi 300 pa madigiri 80. Mukapeza masauzande injini ili moto, kapena soketi yake yachita dzimbiri lobiriwira, mwapeza. Kumbukirani kuti magalimoto ambiri akale ali ndi masensa awiri a madzi, ina ya geji ya pa dashibodi, ina ya kompyuta, moti geji ikhoza kuonetsa bwino kompyuta ikunamizidwa. Ndipo ngati imavuta pokhapokha mukangothira petulo, yang'anani vavu ya purge, imene ikakhala chitsegukire imalowetsa nthunzi za m'thanki m'injini.

Kugula ndi kumanga

Mwatsimikiza kuti ndi sensa. Mumsewu wa Kaguvi, ku Gazaland ndi ku Siyaso mukhoza kupeza zatsopano zenizeni, zongofanizira, ndi zochotsedwa pa magalimoto ena. Tengani yakale ija m'thumba pamodzi ndi multimeter. Yerekezani kutalika kwake, maonekedwe a soketi ndi nambala yolembedwapo, chifukwa galimoto imodzi ikhoza kukhala ndi mtundu wa maginito chaka china n'kusinthira ku Hall chaka chotsatira, monga zinachitikira pa BMW za masilinda 6. Funani ya kampani imene inapanga yoyambayo: Denso pa Toyota, Bosch pa magalimoto ambiri a ku Germany, Hitachi pa Nissan zambiri. Maganizo anga ndi akuti sensa yeniyeni yogwirapo kale, yoyesedwa ndi madzi otentha, ndi yodalirika kuposa yatsopano yopanda dzina. Zopanda dzinazo zimatha kugwira m'mawa n'kufa masana, ndiye munthu amati sensa ndasintha kale, n'kuyamba kufunafuna matenda kumene kulibe. Muuzeni wogulitsa mwaulemu kuti, "Achimwene, ndiiyeze kaye pompano," ndipo mugwirizane zoti mukhoza kuibweza.

Pomanga, chotsani negative ya batire. Yakale ikamakana kutuluka musaikoke mwaukali; ithireni mafuta omasulira dzimbiri n'kumaipotokola uku ndi uku, chifukwa ikathyokera m'dzenje ntchito ya mphindi makumi awiri imasanduka ya tsiku lonse. Pukutani m'dzenjemo, unikani ndi tochi muone ngati mano a gudumu sanapindike. Pakani oilo pang'ono pa rabara ya sensa yatsopano. Kabawuti kake ndi kakang'ono, sikafuna mphamvu zambiri. Pa magalimoto ambiri mpata wa pakati pa sensa ndi mano umadzikhalira wokha, pafupifupi milimita imodzi, koma pa Porsche 944 umasinthika ndipo uyenera kukhala 0.8, choncho musamasule chitsulo chogwirira masensawo popanda chifukwa. Wayayo adutse njira yake yakale, m'timakilipi take, kutali ndi ekisozi ndi mawaya a mapulagi. Ngati mwalumikiza waya woduka pa sensa ya maginito, musasinthanitse mawaya awiriwo, chifukwa mukatero uthenga umatembenuka, moto n'kumabwera pa nthawi yolakwika kapena osabwera n'komwe. Waya wotchinga phokoso la magetsi uja nayenso alumikizidwe.

Fufutani nambala zakale za mavuto, kenako bwerezani kuyesa kuja munachita kunyumba: kuyenda mpaka fani italira, kuzimitsa boneti ili yotseka, kudikira mphindi khumi ndi zisanu, n'kuliza. Chitani zimenezi masana dzuwa lili paliwombo, masiku angapo. Ikakananso RPM ili pa ziro, yezani uthengawo pa soketi ya kompyuta yeniyeniyo. Ukapezeka pa sensa koma osafika pa kompyuta, waya wa pakati ndi amene waduka, ndipo muyambire kufufuza pamene wadutsa pafupi ndi ekisozi.